Funso la Hard Times: poyambira ndi pomwe ambiri amatayira malikisi

Wophunzira wa zolembalemba pa yunivesite wafunsa kuti: "Atipatsa chimangirizo chofotokoza mmene Charles Dickens akudzudzulira maphunziro ongoloweza mfundo m'buku la Hard Times. Ndiyambire pati?"

Yambirani pa mutu wachiwiri wa gawo loyamba, ndipo muuwerenge kawiri muli ndi pensulo m'manja. Thomas Gradgrind, mwini sukulu ya mumzinda wamafakitale wa Coketown, akuitana Sissy Jupe kuti "mtsikana nambala 20" n'kumuuza kuti afotokoze kavalo. Sissy wakulira pakati pa akavalo, poti bambo ake amagwira ntchito m'gulu la zionetsero la Sleary, koma akusowa chonena. Bitzer, mnyamata wa m'kalasi momwemo, ndiye akuyankha bwinobwino: nyama ya miyendo inayi, yodya udzu, ya mano 40. Amene akumudziwadi kavalo walephera, amene waloweza wakhoza. Mtsutso wanu wonse ungathe kuima pamenepa.

Cholakwa chofala ndi kulemba kuti Dickens amadana ndi mfundo kapena masamu. Musatero. Chomwe akukana n'chakuti zowerengeka zokhazo ndiye zikhale muyeso wa munthu. Umboni wabwino, womwe ophunzira ambiri amaudumpha, uli m'mutu 9 wa gawo loyamba. Mphunzitsi M'Choakumchild akufunsa kuti ngati mumzinda wa anthu miliyoni imodzi anthu 25 okha ndi amene amafa ndi njala m'misewu pachaka, ndemanga yake n'njotani. Sissy akuti kwa ofawo ululu wake ndi womwewo, kaya otsalawo achuluke chotani. Sukulu ikumupatsa cholakwa, pamene wowerenga akuona kuti mwanayo walasa penipeni. Ndime imeneyi ipatseni malo okwanira, ndi yolemera kuposa momwe imaonekera.

Kenako tsatani zipatso zake. Bukuli lili ndi magawo 3 omwe mayina ake akunena za kufesa, kukolola ndi kututa, choncho kamangidwe kake komweko ndi umboni. Louisa, mwana wa Gradgrind, akukwatiwa ndi Josiah Bounderby, womuposa ndi zaka pafupifupi 30, bambo ake atamuwerengera ziwerengero za maukwati m'malo momufunsa za mtima wake. Mlongo wake Tom akuba ku banki, mlandu n'kugwera Stephen Blackpool wa ku fakitale. Koma musangolondoloza zochitikazi ngati mukusimbira mnzanu. Pa chilichonse nenani chimene sukulu inalephera kumupatsa mwanayo. Ndime yotsekera mtsutso ikhale ya m'gawo lachitatu, mutu 8, pomwe Gradgrind akuchonderera Bitzer, yemwe tsopano ndi wantchito wa ku banki ija ndipo wadzagwira Tom, kuti amusiye athawe. Bitzer akukana, nati munthu aliyense amayendera phindu lake, monga anaphunzitsidwira kusukulu komweko.

Pa mbiri samalani zaka. Bukuli linatuluka mu 1854, sabata ndi sabata, m'magazini ya Dickens yotchedwa Household Words. Mu Januwale chaka chomwecho iye anapita ku Preston kukaona sitalaka ya ogwira ntchito m'mafakitale a thonje. Mukhoza kutchula maganizo a katswiri wa filosofi Jeremy Bentham oyesa zinthu ndi phindu lake kwa anthu ambiri, komanso kuti ana awiri aang'ono a Gradgrind anatchedwa Adam Smith ndi Malthus, mayina a akatswiri a zachuma. Koma lamulo lopatsa sukulu ndalama potengera zotsatira za mayeso linabwera mu 1862, ndipo buku lomwe katswiri wa filosofi John Stuart Mill anafotokozamo za ubwana wake wa maphunziro okhwima linasindikizidwa mu 1873. Mukalemba kuti Dickens ankayankha zimenezi, woyesa adzazindikira nthawi yomweyo.

Ndime imodzi isiyireni kumutsutsa Dickens mwiniwake, chifukwa m'pamene malikisi apamwamba amachokera. F. R. Leavis, katswiri wosanthula zolembalemba, mu 1948 analitamanda bukuli ngati nthano yophunzitsa khalidwe, koma funsani: kupatula mtima wabwino wa Sissy ndi chisangalalo cha gulu la Sleary, kodi Dickens watisonyeza sukulu yabwino yolowa m'malo mwa ya Gradgrind? Ine ndikuona kuti sanatero, ndipo mungazinene mopanda mantha bola musonyeze tsamba.

Ngati chimangirizo n'cha mawu 1,500, mbiri isapose mawu 200. Ena onse apite pa Sissy, Bitzer ndi Louisa, ndipo mawu ogwidwa m'buku akhale afupi, mzere umodzi kapena iwiri, aliwonse ndi tanthauzo lake pompo.