Antchito anga angokhalira Facebook pa WiFi ya ofesi, ndiwatsekere?

Mayi wina amene amayang'anira kaofesi ka anthu asanu ndi atatu ku Lilongwe wanditumizira imelo. Akuti intaneti amalipira yodula mwezi ndi mwezi, koma ikamakwana 9 koloko m'mawa imayamba kukwawa, ndipo akadutsa kuseri kwa mipando amaona TikTok, WhatsApp ndi masamba obetchera mpira. Akufunsa chimene chimawachititsa anthuwa zimenezi, komanso ngati kungotseka masambawo kungathandize.

Mayi, tiyambe ndi bandulo. Munthu amene malipiro ake amathera ku lendi, minibasi ndi thumba la chimanga, bandulo ya Airtel kapena TNM amaigwiritsa ntchito monyenyerera ngati mafuta ophikira. Akangolowa pakhomo pa ofesi foni imalumikizika yokha ku WiFi, ndiye zonse zimene zinagona usiku zimatsika nthawi imodzi: mavidiyo a kwaya a pagulu la mpingo, zithunzi makumi anayi za chinkhoswe cha msuweni. Kukwawa kwa m'mawa kuja mwina ndi mafoni ali m'zikwama, eni ake akugwira ntchito.

Kenaka pali geni. Wogulitsa zitenje kapena nkhuku pa WhatsApp sangauze kasitomala kuti adikire mpaka 5 koloko.

Koma chachikulu, m'kuona kwanga, ndi kabuku ka ngongole kamene wantchito aliyense amasunga mumtima. Mu 2002 Vivien Lim wa ku National University of Singapore anafufuza khalidwe logwiritsa ntchito intaneti ya ofesi pa zinthu zaumwini nthawi ya ntchito, ndipo anapeza kuti amene amadziona kuti akuponderezedwa kuntchito ndiwo amakonda kuzembera pa intaneti, akudziuza kuti akungodzibwezera zawo. Malipiro akachedwa sabata ziwiri, kapena munthu akagwira Loweruka osalandira ya ovataimu, ola limodzi pa Facebook saliwerengera ngati kuba. Amati abwana ndiwo anayamba. Simunanene ngati malipiro amatuluka pa nthawi yake, ndiye funso limenelo ndakusiyirani.

Nanenso si woyera ayi. Pa ofesi ina imene ndinagwirako, kalata inkatha masiku atatu ili pa tebulo kudikira siginecha ya bwana amene anali ku msonkhano kunyanja. Ntchito yanga yonse inali itaima pa kalata imeneyo. Kuweruka msanga sikunkaloledwa, kuwerenga nyuzipepala poyera kunkaoneka chipongwe, ndiye ndinkatsegula nkhani za mpira m'kona mwa kompyuta, chala chili chire kuti ndibise wina akatsegula chitseko. Anthu ankati ndine wakhama chifukwa maso sankachoka pa kompyuta.

Kutseka masamba kumathandiza pang'ono, koma wotsekeredwayo amangosolola foni yake pansi pa tebulo. Mukafuna kumasuzumira zimene akulemberana, samalani. Ku Romania, Bogdan Bărbulescu anachotsedwa ntchito mu 2007 chifukwa cholemberana ndi mchimwene wake komanso bwenzi lake pa Yahoo Messenger ya kuntchito. Mu 2017 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula kuti ufulu wake unaphwanyidwa, mwa zina chifukwa sanauzidwe pasadakhale kuti mauthenga ake aziwerengedwa. Kwathu kuno ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko imateteza zinsinsi za mauthenga a munthu, ndipo lamulo la ntchito la 2000 limafuna chifukwa chomveka ndi mwayi woti wantchito adziyankhire asanachotsedwe.

Ndikanakhala inu, ndikanagawa WiFi pawiri: ya makompyuta a ntchito, ndi ina yocheperako mphamvu ya mafoni. Ndikanalemba tsamba limodzi lonena zoletsedwa zenizeni, monga zolaula ndi kubetcha, aliyense asaine. Zotsalazo ndikanaziyeza ndi ntchito: lipoti la Lachisanu lafika Lachisanu kodi? Amene lake silinafike, muitaneni mu ofesi mwanu, mutseke chitseko, mumufunse kaye chimene ankadikira.