Nsomba yosagulitsa ili ndi mtengo wanji?

Achimwene, mwafunsa kuti phindu la nsomba imene munthu wawedza pongosangalala tingaliwerengere bwanji poti safika nayo pamsika. Mtengo wa chambo pamsika wa Dedza musauyang'ane, ungokusocheretsani.

Akatswiri a zachuma amayang'ana zimene munthu wawononga kuti akafike pamadzi. Ganizoli anabwera nalo katswiri wa zachuma Harold Hotelling mu 1947, polembera oyang'anira mapaki ku America. Tinene kuti munthu wachoka pa boma pa Dedza, watsika Khwekhwelere mpaka Golomoti, kenako kunyanja. Mafuta, nyambo, mbedza, kulipira mwini bwato, pogona, ngakhale tsiku limene wajomba kuntchito, zonsezi mumaphatikiza. Mukafunsa anthu ambiri ochokera kufupi ndi kutali, mumaona kuti maulendo amachepa motani ndalama zikamakwera.

Tsono nkhani yagona apa: mumafananiza malo amene nsomba zimadya nyambo kawirikawiri ndi pomwe munthu amangowotchedwa ndi dzuwa. Ngati anthu akulolera kupitirira malo apafupi n'kupita kutali kumene nsomba zimagwidwa zambiri, ndalama yowonjezerayo ndiyo mtengo wa kugwira zambiri. Dziwaninso kuti nsomba yoyamba imakoma kuposa yakhumi, choncho musangochulukitsa mtengo umodzi.

Njira ina nkungowafunsa kuti angalipire zingati atamagwira ziwiri m'malo mwa imodzi. Ineyo sindiikhulupirira kwenikweni, pakamwa munthu salipira kanthu.

Chenjerani ndi amene wadzera ku Mua kukaona zosemasema za ku Kungoni. Ndalama ya ulendo wakeyo si ya nsomba yokha.