Phungu wa mabokosi a maliro ndi mlatho wathu wosatha

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo. Amakhala kumphepete kwa Lilongwe, dera lomwe mbali ina ndi tauni, mbali ina ndi mudzi, ndipo akufunsa kuti phungu angamuyeze bwanji ngati wagwiradi ntchito, poti a m'tauni akulira misewu pomwe a kumudzi akulira feteleza.

Mayi, mwandigunda pachilonda.

Ine ndinakulira dera lotero. Kuseri kwa nyumba kunali munda wa chimanga, kutsogolo kunkadutsa maminibasi a m'tauni. Puloti bambo anagula kwa amfumu, koma madzi tinkagula pa kiyosiki. Pakati pa ife ndi sukulu panali kamtsinje kochepa, chilimwe kongolumpha, koma mvula ya Januwale ikakhazikika ana ankangobwerera pagombe. Pa kampeni ya 2014 bambo wina wofuna uphungu anatsitsa malole awiri a miyala ndi matumba a simenti pamenepo. Tinavina, amayi anamanga nsalu za nkhope yake, ndipo anapambana. Zipilala ziwiri zinaima. Kenako zii.

Musaganize kuti anali munthu wouma mtima. Maliro akagwa, bokosi linkafika mtembo usanasambitsidwe. Agogo anga atatisiya, bokosi ndi galimoto yonyamula anthu kupita kumudzi zinachokera kwa iyeyo. Ndiye ndiulule: mu 2019 ndinamuvoteranso, ndikudutsa pa zipilala zomwezo popita kukaponya voti. Manyazi ake sanandichoke mpaka lero.

Nchifukwa chake sindigwirizana ndi anthu omwe amati vuto ndi aphungu okha. Ifeyo ndi amene tinasandutsa phungu kukhala sitolo ya mabokosi. Zinayamba kale. Mu 1995 nyumba ya malamulo inachotsa ndime 64 ya malamulo aakulu a dziko, yomwe inkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe. Kenako kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linakhala lopanda makhansala, ndiye tinazolowera kuti mjigo ukafa, denga la sukulu likasasuka, mwana akasowa fizi, zonse nza phungu. Mu 2006 kunabweranso thumba la chitukuko cha m'madera, CDF, lomwe pofika mu 2024 linali litakula mpaka K200 miliyoni pa dera pachaka. Ndalama za misonkho yathu, koma pozipereka mumaona ngati wazichotsa m'thumba la jekete lake. Mu 2025 khoti lalikulu linagamula kuti si ntchito ya aphungu kuyendetsa thumbali. Ine ndinaombera m'manja ndili ndekha pabalaza.

(Paja lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti. Amene anakhala pa msonkhano wa kampeni chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chisanachitike andiuze zomwe anaona.)

Madera onga lanuli ali ndi tsoka linanso. Lilongwe ili ndi makhonsolo awiri, ya mzinda ndi ya boma, koma nyumba zikumera mosayang'ana malirewo. Pitani cha ku Chigwirizano kapena njira ya ku Likuni muone: pomwe dzana panali dimba lero pali mdadada wa nyumba za lendi, opanda ngalande, zimbudzi zitayandikana ndi zitsime. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatiphunzitsa mtengo wa zimenezo. Wandale wochenjera amadziwa kuti wa lendi amasamuka koma wa kumudzi sachoka, ndiye amakhala pampando wa amfumu nkumalankhula za makuponi a feteleza, omwe ngakhale mndandanda wake salemba iye. Madera a aphungu atawonjezedwa kuchoka pa 193 kufika pa 229, ena ankati phungu ayandikira anthu. Kwa ine kuchepa kwa dera sikuumitsa matope.

Tsono mumuyeze bwanji?

Mabokosi achotseni pa sikelo. Pitani kwa khansala kapena kwa wapampando wa komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) mupemphe mndandanda wa ntchito za CDF za m'dera lanu, kenako muyende wapansi mukaone chilichonse ndi maso, mufunsenso ngati chinachokera mu zomwe anthu anapempha ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC). Mvetserani pa wailesi aphungu akamakumana, mumve ngati wanuyo anatsegulapo pakamwa pa bajeti. Ndipo muyendere mbali zonse ziwiri za deralo m'mwezi wa mvula, osati Okutobala.

Kwathu ndinapitako pa Khrisimasi. Zipilala zija zikadalipo, amayi akuyanikapo zochapa.