Kodi bambo atsala ndi nthawi yaitali bwanji? Yankho kwa mayi wa ku Chilomoni

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni kuno ku Blantyre, ndipo anandilola kuti ndiwayankhe poyera popanda kutchula dzina lawo. Bambo awo a zaka 69 anapezeka ndi khansa ya prostate (kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo) yomwe inafalikira kale m'mafupa a msana ndi a m'chiuno, ndipo ayamba kulandira jakisoni wa mahomoni. Mayiwa atafufuza pa intaneti usiku wina, anapeza kuti mwa odwala otere ndi mmodzi yekha mwa atatu amene amakwanitsa zaka zisanu ali moyo. Funso lawo linali lakuti: "Kodi ndiye kuti bambo atsala ndi nthawi yaitali bwanji, ndipo ndiwauze zimene ndawerengazi?"

Mayi, pepani kwambiri ndi matendawa. Ine si dokotala, koma ndinadwazika amalume anga omwe anali ndi khansa yomweyi, ndipo funso lanuli linandisowetsa tulo inenso. Nambala imene mwapezayo si yabodza. Imachokera m'kaundula wa odwala khansa wa ku America, ndipo imanena za abambo omwe khansa yawo inapezeka itafika kale kutali ndi prostate. Chofunika n'chakuti muimvetse bwino musanapite nayo kwa bambo, chifukwa nambalayo ikufotokoza za chigulu cha anthu, ndipo bambo anu ndi munthu mmodzi.

M'chigulu chimenecho anasonkhanitsamo abambo a zaka 55 ndi a zaka 90, ena khansa ili pafupa limodzi lokha pamene ena yafika m'chiwindi, ena olimba thupi ndi ena odwalanso mtima kapena shuga. Komanso, kuti ofufuza adziwe kuchuluka kwa amene akwanitsa zaka zisanu, amayenera kudikira kuti zakazo zithe kaye, choncho nambalayo imanena za anthu amene anayamba kulandira thandizo kale ndithu. Palinso mbali yowawa imene sindikufuna kukubisirani. Kuno kwathu abambo ambiri amafika kuchipatala matenda atakula, mikodzo itatsekeka kapena msana utawaweramitsa, ndipo ena mwa mankhwala atsopano ndi okwera mtengo komanso osapezekapezeka. Motero nambala ya ku America ikhoza kuopsa mopitirira kwa wodwala wina, n'kulimbitsa mtima mopitirira kwa wina.

Mawu ena amene mukumane nawo powerenga ndi akuti median. Tanthauzo lake ndi ili: odwala onse atawandandika pamzere, kuyambira amene anakhala nthawi yochepa kwambiri mpaka amene anakhalitsa, munthu amene waima pakatikati ndiye amapereka nambalayo. Theka la anthuwo silinafike pamenepo, koma theka lina linapitirira, ndipo kumapeto kwa mzerewo kuli ena amene anapitirira ndi zaka zambiri. Katswiri wina wa sayansi wa ku America, Stephen Jay Gould, anapezeka ndi khansa ya mtundu wina m'mimba mu 1982, ndipo anawerenga kuti nambala ya pakatiyo inali miyezi 8 yokha. Iye anakhala zaka 20, n'kumwalira mu 2002 ndi khansa ina. Sindikulonjeza kuti bambo anu zidzawayendera chimodzimodzi, koma ndikufuna muone kuti nambala ya pakati si tsiku loikika.

Khansa ya prostate ili ndi chinthu chimodzi chimene chimapatsa wodwala mpata ngakhale itafalikira: imakula podalira testosterone, homoni yaumuna imene yambiri imapangidwa m'machende. Mu 1941 dokotala wina wa ku Chicago, Charles Huggins, anasonyeza kuti homoniyi ikachepetsedwa khansa imafota, ndipo mu 1966 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi. Jakisoni amene bambo anu akulandira akugwira ntchito yomweyo. Njira ina ndi opaleshoni yaing'ono yochotsa mbali imene imapanga homoniyo, yomwe imachitika kamodzi basi ndipo siifuna kuthamangira jakisoni mwezi ndi mwezi, ngakhale abambo ambiri amaikana pomva ngati akufulidwa. Kwa ambiri khansa imagonja kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, kwa ena zaka zochulukirapo, kenako imayamba kukulanso ngakhale homoni ili yochepa. Pamenepo pamabwera mankhwala ena monga docetaxel ndi abiraterone. Kafukufuku wa CHAARTED, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anapeza kuti kuyamba docetaxel pamodzi ndi mahomoni kunakweza nambala ya pakati ija kuchoka pa miyezi 44 kufika pafupifupi miyezi 58. N'chifukwa chake ndi bwino kufunsa dokotala ngati thupi la bambo lingakwanitse mankhwala owonjezera panopa, mmalo modikira kuti jakisoni aleke kaye kugwira ntchito.

Ndiye mmalo mwa intaneti muziyang'ana kuti? Yambani ndi buku lawo la kuchipatala. Amalume ankalisunga m'kajumbo kuti lisanyowe, ndipo tsamba lililonse limene panalembedwa PSA, nambala ya zotsatira za magazi yosonyeza mmene khansa ya prostate ikuyendera, linali lopindidwa pakona. Nambala yoyamba ya PSA ikhoza kukhala yaikulu moti n'kukuzizirani nkhongono, koma chofunika kwambiri ndi mmene ikutsikira akayamba mankhwala. Ikatsika msanga n'kufika pansi kwambiri, makamaka pansi pa 0.2, n'kukhala pamenepo, chimenecho ndi chizindikiro chabwino. Ikayamba kukwera ulendo uliwonse umene ayezedwa, n'kuwirikiza kawiri m'miyezi yochepa, ndiye kuti khansa yayambanso kuyenda. Onaninso nambala ya Gleason pa zotsatira za kanyama kamene anadula kukayeza: 6 ndi khansa yofatsa, pamene 9 ndi 10 ndi yaukali. Funsani ngati yafika m'chiwindi kapena m'mapapo, pakuti ya m'mafupa mokha kawirikawiri imapereka nthawi yotalikirapo.

Chizindikiro china chili m'maso mwanu momwe, ndipo inuyo mumachiona bwino kuposa dokotala. Amalume ankadziyendera okha kupita kumsika wa Ndirande kukagula usipa, kenako anayamba kupumira panjira, kenako ankangofika pakhonde, mpaka tsiku lina ntanda umodzi wa nsima unawakanika. Anamwino osamalira odwala matenda aakulu amati kusintha kukamaoneka mwezi ndi mwezi, nthawi yotsala imawerengedwa m'miyezi, ndipo kukamaoneka sabata ndi sabata imawerengedwa m'masabata. Ngati bambo anu akudya, akusamba okha ndiponso akupita kutchalitchi, mfundo imeneyo ndi yolemera kuposa peresenti iliyonse.

Mukapita nawo kuchipatala, musafunse kuti "atsala ndi zaka zingati", chifukwa dokotala woona mtima sangakupatseni nambala imodzi. Funsani mafunso atatu: zikayenda bwino kwambiri tiyembekezere chiyani, zikavuta kwambiri tiyembekezere chiyani, nanga kwa ambiri ofanana ndi bambo zimakhala bwanji? Madokotala ena a khansa ku Australia amagwiritsa ntchito njira yosavuta pa nkhaniyi. Ngati nambala ya pakati ili zaka zinayi, ambiri amakhala pakati pa theka lake ndi kuwirikiza kawiri, ndiko kuti zaka ziwiri mpaka zisanu ndi zitatu, pamene ochepa safika chaka ndipo ochepa ena amapitirira zaka khumi ndi ziwiri. Banja likamva motere limatha kukonzekera zonse ziwiri, kulemba wilo ndi kulongosola za malo, koma feteleza wa chaka chino n'kugulanso.

Pa funso loti muwauze kapena ayi, maganizo anga ndi akuti musawatengere peresenti ija, komanso musawabisire matenda awo. Kwathu kuno timakonda kunong'onezana kuseri, wodwala n'kumangomva kuti "muchira, musadandaule", koma mwini thupi amakhala akudziwa kale, ndipo kubisako kumangomusiya yekha ndi mantha ake. Afunseni mwaulemu, mwina pali amayi kapena amalume anu, kuti akufuna kudziwa zochuluka bwanji za matendawa, ndipo muyankhe zimene afunsa zokhazo. Ena amafuna kumva zonse, ena amati "zimenezo muzikamba inu ndi adokotala", ndipo onsewo ali ndi ufulu wotero.

Musadikirenso kuti zifike povuta kuti mupemphe chithandizo chochepetsa ululu. Ku Queens kuli kiliniki ya Tiyanjane yomwe imathandiza odwala otere, ndipo morphine wakumwa akaperekedwa pamlingo woyenera safupikitsa moyo monga ambiri amaopera. Popeza khansa ili m'msana, pali zizindikiro zimene musagone nazo m'nyumba: miyendo kufooka kapena kuchita dzanzi, ululu wa msana kukula mwadzidzidzi, ndi kulephera kugwira kapena kutulutsa mikodzo ndi chimbudzi. Zimenezi zingatanthauze kuti chotupa chikupanikiza mtsempha waukulu wa m'msana, ndipo munthu akachedwa masiku ochepa chabe akhoza kulephereratu kuyenda. Zikaoneka, ngakhale utakhala usiku kapena Lamulungu, pezani galimoto muthamangire nawo kuchipatala, buku lija lili m'manja.