Nsagwada ikamalira potafuna

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake nsagwada yanu imalira kuti "khwa" mukamadya, komanso mumadzuka pafupi ndi khutu pakupweteka. Nthawi zambiri khutulo limakhala lilibe vuto.

Ikani zala kutsogolo kwa makutu onse awiri, muyasamule pang'onopang'ono. Chimene chikuyenda pansi pa zalazo ndi mutu wa fupa la nsagwada, womwe umakhala m'kachibowo ka chigaza. Pakati pa mafupa awiriwa pali kamtsamiro kolimba koma kopindika, koteteza kuti asakhulane. Pakamwa pakayamba kutseguka, mpaka mamilimita 20 kapena 25, mutuwo umangozungulira pamalo pomwepo. Mukapitirira apo, umatsetserekera kutsogolo limodzi ndi kamtsamiro kaja. Munthu wamkulu amatsegula mamilimita 35 mpaka 50, moti zala zanu zitatu zosanjikizana ziyenera kulowa pakati pa mano akutsogolo.

Kulirako kumachitika kamtsamiro kakachoka pamalo pake n'kukhala kutsogolo kwa mutu wa fupa uja. Poyasamula, fupa limakadumphira n'kukhalanso pansi pake, ndiye phokoso mumamvalo. Ngati sipakupweteka, musade nkhawa, anthu ambiri amakhala nazo popanda vuto. Koma ululu wa m'mawawo ukusonyeza kuti mwina mumakukuta mano kutulo, minofu ya m'masaya ndi ya pamwamba pa khutu n'kugwira ntchito usiku wonse. Masananso dzifufuzeni. Mukangokhala, milomo itsekeke koma mano asagundane, pazitsala kampata ka mamilimita 2 kapena 3.

Kwa milungu iwiri siyani chingamu, nzimbe, chimanga chootcha ndi nyama yolimba, ndipo musatafunire mbali imodzi yokha. Thowani tsayalo ndi kansalu koviika m'madzi ofunda kwa mphindi 15, kawiri pa tsiku. Kuyasamula kukabwera, chirikizani chibwano ndi dzanja. Chonde musamaiyese dala nsagwadayo kuti mumve ngati ikulirabe, mukuwonjezera kutupa.

Pakapanda kusintha, kapena pakamwa pakamangolowa zala ziwiri, kaonaneni ndi dokotala wa mano. Pakakana kutsekeka mutayasamula, fupa laguluka, ndipo musalole wina kulimenya kuti libwerere, akalibwezeretse kuchipatala. Nsagwada ikauma pamodzi ndi kutupa kwa tsaya ndi kutentha thupi, kapena patapita masiku mutabayidwa ndi msomali kapena minga, pitani tsiku lomwelo, chifukwa angakhale mafinya a dzino kapena kafumbata.