Tilembe kuti "tikudzudzula" kapena "tikutsutsa"?

Mayi wina wa m'komiti ya chitukuko ku Lilongwe wanditumizira imelo. Akuti khansala wawo wapereka bwalo losewerera ana kwa munthu woti amangepo mashopu, ndiye komiti ikulemba chikalata. Agawanikana pa mawu amodzi. Ena akufuna "tikudzudzula", ena akuti "tikutsutsa" basi, poopa kuti kudzudzula munthu waudindo ndi mwano.

Mayi, lembani "tikudzudzula", ndipo musaope.

Kutsutsa n'kwa maganizo. Wina akati msika umangidwe kumpoto inu mukufuna kummwera, mukutsutsana, palibe walakwa. Koma bwalo la ana likaperekedwa mobisa, nkhani si ya maganizo ayi, pachitika cholakwa. Cholakwa timachidzudzula.

Za mwanozo, amene akuopa akusokoneza kudzudzula ndi kunyoza. Wonyoza amalimbana ndi munthuyo: mimba yake, sukulu imene sanamalize, mudzi umene anachokera. Wodzudzula amaloza chimene wachita, n'kumuyembekeza kuti akonze. N'chifukwa chake akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ankhoswe amadzudzula mkamwini, abusa amadzudzula mpingo, ndipo palibe amati atukwana.

Kumbukirani za pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Inanena za malipiro ochepa, za mavuto a m'zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Munalibe chitonzo m'kalatamo, koma boma la Kamuzu linanjenjemera mpaka linati kalatayo ndi youkira, n'kuthamangitsa Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Mphamvu ya kalata ija inali poti inatchula zolakwa chimodzichimodzi.

Apa m'pamene ndimadandaula ndi zikalata za masiku ano. Pa wailesi tsiku lililonse timamva kuti bungwe lakutilakuti "ladzudzula mwamphamvu", koma ukatchera khutu sumva kuti walakwa ndani, walakwa chiyani, akonze pofika liti. Mawuwa afika posukuluka chifukwa chowagwiritsa ntchito mwachizolowezi.

Palinso kukuwiza. Uku n'kwa gulu, monga ochemerera pa bwalo la Bingu akakwiya ndi woimbira mpira, kapena anthu pamsonkhano akamuwowoza wandale mpaka kumulanda mawu. Kumamveka patali, koma sikulembedwa m'chikalata, ndipo khansala wanu akangokuwizidwa adzanena kuti ndi anyamata otumidwa ndi adani ake.

Choncho yambani ndi "Ife a komiti tikudzudzula kuperekedwa kwa bwalo la ana". Onani kuti mwadzudzula kuperekedwako, dzina lake libwere pambuyo ndi ulemu wake wonse, "Olemekezeka a Khansala". Tchulani tsiku limene munaona njerwa zikutsitsidwa pabwalopo, nenani kuti komiti sinafunsidwe, ndipo pemphani msonkhano pamaso pa amfumu ndi akukhonsolo pasanathe masabata awiri. Aliyense wa m'komiti asainire, kopi ina ipite kukhonsolo.