Masewera a mawu pa sikirini yonse: yankho kwa aphunzitsi a ku Luchenza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a sekondale ku Luchenza. Anati mnzawo anawaikira pa fulashi masewera aja a mawu okhaokha, opanda zithunzi, omwe umalemba chochita kompyuta n'kukuyankha. Akufuna kumasewera ndi ana a kalabu ya Chingerezi Lachitatu masana. Koma mafayilo ena sakutseguka n'komwe, ndipo omwe akutseguka akumabwera pa kawindo kakang'ono, moti ana akumbuyo sakuona kanthu ngakhale alumikize pulojekita. Laputopu yawo ndi yakale, ya Windows. Akufunsa pulogalamu yomwe ingadzaze sikirini yonse.

Aphunzitsi, zikomo kwambiri polemba. Ine masewerawa ndinayamba kalekale kuno ku Chitakale, ndipo amandikomera kwambiri masiku a chiperoni, phiri litabisala mu nkhungu, munthu osafuna n'kusuzumira komwe panja. Pulogalamu yomwe mukufuna ndi Gargoyle. Koma ndiyambe ndi chifukwa chomwe mafayilo enawo akukanira, poti mukamvetsa pamenepa simudzavutikanso.

Fayilo ya sewero ili ngati kaseti. Payokha siyimba, imafuna wailesi yake. Zinayamba ndi kampani ya Infocom, yomwe inakhazikitsidwa mu 1979 ku America ndi anthu ochokera ku yunivesite ya MIT. Iwo ankafuna kugulitsa sewero lawo la Zork, koma makompyuta am'nyumba nthawi imeneyo, monga Apple II ndi TRS-80, sankamvana chilankhulo. M'malo molemba seweroli mobwerezabwereza, anapanga kompyuta yongoyerekeza yotchedwa Z-machine. Sewero limalembedwa kamodzi, ndipo kompyuta iliyonse imangofuna kapulogalamu kake kowerengera. Mafayilo othera ndi .z3, .z5 kapena .z8 ndi a banja limeneli. Mu 1993 Graham Nelson anatulutsa Inform, chida chomwe chinalola munthu wamba kulemba masewera a Z-machine, ndipo anthu analemba ambirimbiri. Koma fayilo ya .z8 singapitirire 512 KB, choncho Andrew Plotkin anapanga Glulx yonyamula masewera akuluakulu, ndipo mafayilo ake amathera ndi .ulx kapena .gblorb. Palinso banja la TADS, la .gam ndi .t3. Ndikuganiza kuti mnzanuyo anakupatsani wailesi yoyimba kaseti za mtundu umodzi wokha.

Ubwino wa Gargoyle ndi womwewo. Anaiyambitsa ndi Tor Andersson, ndi yaulere, ndipo mkati mwake muli owerengera a mabanja onsewa. Mukaikopera kamodzi simufunanso intaneti.

Tsopano za sikirini. Gargoyle ilibe mabatani ambiri osinthira zinthu, makonzedwe ake onse ali mu fayilo ya mawu yotchedwa garglk.ini. Sewero likatseguka, gwirani Ctrl n'kudina batani la chizindikiro cha koma (,), fayiloyo itseguka. Fufuzani mzere wolembedwa fullscreen, ndipo 0 yemwe ali kutsogolo kwake mumusinthe akhale 1. Ngati mzerewo wayamba ndi chizindikiro cha #, chifufuteni, chifukwa mzere wotero pulogalamu imangoudumpha. Sungani, tsekani, tsegulaninso.

Mukatero sikirini idzaza, koma ndikuchenjezeni, mukhumudwa. Inenso ndinakhumudwa tsiku loyamba. Zilembo zimakhala zazing'ono monga kale, ndipo mzere umodzi umatambalala kuchokera kumanzere mpaka kumanja ngati mzere wa tiyi ku esiteti. Diso likafika kumapeto limasokera pobwerera, osadziwanso mzere wotsatira ndi uti. Kwa mwana amene Chingerezi akuchiphunzira kumene, kuwerenga kotere n'kotopetsa, ndipo pakatha mphindi khumi muona ayamba kucheza zina. Chomwe mukufuna kwenikweni ndi zilembo zikuluzikulu ndi mizere yaifupi pakati pa sikirini yopanda zosokoneza.

Mu fayilo yomweyo muli mizere inayi yofunika. Wa propsize ndi kukula kwa zilembo za nkhani. Pa pulojekita yambani ndi 26, kenako mupite kumbuyo kwa kalasi mukaone nokha ngati zikuwerengeka. Wa monosize ndi wa zilembo za kamzere kapamwamba kamene kamaonetsa malo omwe muli, mapointi ndi kuchuluka kwa zomwe mwachita. Musakaiwale kamzereka, ana amakayang'ana kwambiri, ndiye kakulitseninso. Wa cols ndi kutalika kwa mzere, ndipo 60 ndi wabwino. Womaliza ndi lockcols, muike 1 kuti mizere isatambalale ngakhale sikirini ikule bwanji. Malo otsala kumbali amangokhala oyera ngati m'mphepete mwa tsamba la buku. Mtundu wa pepala ndi zilembo musasinthe. Zilembo zobiriwira pa sikirini yakuda zimakongola usiku, koma m'kalasi la mawindo opanda makatani dzuwa lili pamutu, sizioneka.

Pali mapulogalamu ena, ndiwatchule mwachidule. Windows Frotz ya David Kinder ndi yopepuka ndipo makonzedwe ake ndi ongodina, koma imatsegula banja la Z-machine lokha. Lectrote ndi yokongola, koma inamangidwa pa injini ya Chrome, ndiye imadya bandulo pokopera ndiponso imalemetsa laputopu yakale. Parchment imasewerera mu Chrome kapena Firefox momwemo, ndipo mukadina F11 sikirini imadzaza, koma sindingadalire netiweki pa tsiku la kalabu. Ana omwe kwawo kuli foni ya Android angayese Fabularium.

Simunafunse za sewero loyambira, komabe ndinena. Kholo la masewera onsewa ndi Adventure, lomwe Will Crowther analemba cha m'ma 1976, Don Woods n'kulikulitsa mu 1977. Crowther anali katswiri wolowa m'mapanga, ndipo malo a mu seweroli anawatengera ku mapanga enieni a Mammoth Cave ku Kentucky. Likupezeka kwaulere pa IF Archive, tsamba la pa intaneti losungirako masewera amtunduwu. Ndi lovuta, muli njira zosokoneza zomwe zimazunguza ngakhale akuluakulu, koma chiyambi chake ndi chabwino kwa kalasi. Mwana mmodzi akhale pa kiyibodi, wina awerenge mokweza, wachitatu ajambule mapu pa bolodi ndi choko, otsalawo azikangana zochita. Mawu oyamba kuwaphunzitsa ndi LOOK, TAKE, EXAMINE ndi INVENTORY, kuphatikiza mbali zinayi za dziko. Mudabwa kuona mwana wamanyazi akufunsa tanthauzo la liwu chifukwa akufuna kudziwa ngati chinthucho chingatsegule chitseko. Pa tsamba la IFDB mungasankhenso masewera aafupi omwe anthu anawayamikira kuti ndi oyenera oyamba kumene.

Chimene chimandiwawa n'choti zonsezi ndi za m'Chingerezi. Inform anaimasulira kale m'zilankhulo monga Chifalansa, Chisipanishi ndi Chijeremani. Ife tili ndi phiri la Mulanje, Sapitwa wa mamita 3,002, mathithi a ku Likhubula, ndi nkhani zonse za mizimu zomwe agogo athu ankatisimbira. Ntchito yaikulu ingakhale kuphunzitsa kompyuta kuti “tenga nyali” ndi “itenge” ndi lamulo limodzi, poti mneni wathu amanyamula zambiri mkati mwake. Ndayesapo pang'ono, ndipo ngati mwa ana anuwo muli wokonda makompyuta ndingakondwe kugwira naye ntchitoyi.

Liwu lina loti muwaphunzitse tsiku loyamba lomwelo ndi SAVE, ndi mnzake RESTORE. Usiku wina ndinasewera maola atatu osasunga, magetsi anathima, batire la laputopu yanga linali litafa kale, zonse zinapita. Ndinakhala mu mdima mtima ukuwawa. Uzani wa pa kiyibodi kuti azisunga akangopeza chinthu chatsopano, ndipo fayilo yosungayo muziikoperanso pa fulashi.

Ngati pali fayilo yomwe Gargoyle yaikana, ndilembereni zilembo zomwe zili kumapeto kwa dzina lake, tione kuti ndi ya banja liti.